Dzina Limene Linasowa mu Lipoti

Chiputula, Mzuzu
6 Meyi 2024

Mlongo wanga Rachael,

Monire mdumbu wane. Uli bwanji ku Dublin kumeneko? Ife kuno tadzuka, kungoti kuzizira kwayamba msanga chaka chino ndipo mlamu wako Glory akutsokomola. Mwana wako Joel ali bwino. Monga mwa masiku onse ndalemba papepala, Glory ajambula ndi foni n'kukutumizira, poti zala zanga ndi timabatani tija sitinamvanepo.

Ndikulemba mtima ukuwira. Lachisanu pa 26 Epulo, nthawi ya nkhomaliro, kuntchito kwathu kunachitika ngozi. Lole yonyamula matabwa inabwerera chambuyo, inagwetsa geti n'kupana mwendo wa mayi wina wogulitsa nthochi kunja kwa mpanda. Dzina lake ndi Eness, amakhala ku Salisbury Lines, ndipo ali m'chipatala. Dalaivala wa loleyo, a Ackim Nyirenda a ku Mzilawaingwe, apolisi anawasunga masiku awiri. Atuluka pa belo, koma kampani yawaimitsa ntchito.

Ine monga woyang'anira magalimoto ndinalemba lipoti, masamba awiri, m'Chingerezi choyera. Lero a Msiska, bwana wathu watsopano, mwana amene anali ku pulayimale ine nditayamba kale ntchito, andibwezera lipotilo atalembapo ndi inki yofiira: "Mr Longwe, this report is partial. Please revise."

Partial! Ine! Nditafika kunyumba ndinatsegula dikishonale ya malemu adada ija, ndipo mawu amene ndinapeza ndi awa: biased, prejudiced, one-sided, unfair. Kukondera, Rachael. Tsankho. Kuweruza mokhota. Zaka makumi awiri ndi ziwiri pakampani imeneyi, mkulu wa mpingo, sindinatengepo ngakhale msomali umodzi, lero ndatchedwa wokondera papepala limene likhale mu fayilo mpaka ndidzafe.

Iwe ukukhala pakati pa eni chinenero. Uwafunse ngati mawu oterewa amalemberedwa munthu wa msinkhu wanga. Kalata yosiya ntchito ndalemba kale, ili m'thumba la jekete. Ndikungodikira yankho lako.

Ndine mlongo wako,
Misheck


Dublin
9 Meyi 2024

Achimwene,

Yewo chomene chifukwa cha kalata. Ndili bwino, ngakhale msana ukupweteka ndi kunyamula nkhalamba za kuno. Mlamu amwe madzi otentha a mandimu.

Tsopano kalata ili m'jekete ija muitulutse muyatsire mbaula. Mwayamba liti kuwerenga dikishonale kuyambira pakati? Bwererani pa tsamba lomwelo muyang'ane nambala wani, imene mwailumpha pothamangira kukwiya. Partial tanthauzo lake loyamba ndi chinthu chosakwanira: incomplete, unfinished, not whole. Chosamalizidwa, chambali chabe. Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito mawuwa ndimawaona tsiku lililonse. Dokotala akalemba partial recovery, ndiye kuti wodwala wachira koma osati kwenikweni. Agogo ena ali ndi partial denture, mano oikirira a mbali imodzi yokha. Kodi manowo ndi atsankho? Ndipo pali tanthauzo lachitatu. Mayi wina wa zaka makumi asanu ndi anayi amandiuza masana aliwonse kuti "I am partial to a ginger biscuit," kutanthauza kuti amakonda mabisiketi a jinja. Mawu amodzi, nkhope zitatu. Inu mwasankha nkhope yokutukwanani.

A Msiska akungonena kuti lipoti lanu lili ndi mipata. Mwina mwaiwala nthawi, mwina mboni, mwina nambala ya lole. Khalani pansi mulimalize, basi. Lembani zonse zimene munaona, osasiyako kanthu. Munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri sataya ntchito chifukwa cha liwu limodzi lachingerezi.

Chandikwiyitsa china. Mayi wapanidwa ndi lole mwamupatsa mizere iwiri, dalaivala amene ana ake agona ndi njala mizere iwiri, koma dzina lanu ndi fayilo yanu tsamba lonse. Adada akanakhalapo akanakumenyani ndi dikishonale yomweyo.

Kodi Joel foni yake yatani? Sabata yachiwiri ino sakundiyankha. Mumuuze kuti mapepala ake a sukulu ya kuno akuyenda bwino, September akhoza kunyamuka. Munachita bwino kumupezera ntchito yokweza matabwa pakampani panupo kuti asamangokhala, koma isamuiwalitse amake.

Ndine,
Rachael


Dublin
22 Meyi 2024

Achimwene,

Monire nonse. Masabata awiri, zii. Foni ikuonetsa kuti kalata yanga munaitsegula tsiku lomwelo. Ngati mwakhumudwa chifukwa mng'ono wanu wamkazi wakuphunzitsani Chingerezi, nenani, ndipepese mwamwambo. Koma kukhala chete ayi. Lipoti munamaliza? Ntchito mudakali nayo? Joel ali kuti? Ndamuimbira kasanu ndi kawiri. Ine kuno ndikusambitsa makolo a anthu ena, mwana wanga sindikudziwa ngati wadya. Wina andiyankhe.

Rachael


Chiputula
26 Meyi 2024

Alamu,

Monire alamu. Ndine Glory. Ndalemba ndekha chifukwa achimwene anu akatenga pepala amangoliyang'ana mpaka tiyi kuzizira. Pepani zolemba zanga, sukulu ndinalekera Fomu 2.

Pakhomo pano sipali bwino. Ntchito sanasiye, lipoti sanamalize. Chakudya akungotola ngati nkhuku yodwala. Joel naye sabata yachitatu sakupita kuntchito, akuti malungo, koma thupi silikutentha ndipo kuchipatala akukana. Amangogona atayang'ana kukhoma.

Lachinayi kunabwera mkazi wa a Ackim, dalaivala uja. Anayenda pansi kuchokera ku Mzilawaingwe, mvula ya mawawa ikugwa. Ndinamuuza kuti alowe, anakana. Anakhala pakhonde, chitenje chitanyowa, mpaka achimwene anu ataweruka. Sanakuwe, sanatukwane. Anangoti, "A Longwe, amuna anga akuti nthawi imene lole imagwetsa geti iwo anali kutsidya la msewu akudya chipisi. Apolisi sakuwakhulupirira. Akuti makiyi a malole onse amakhala mu ofesi mwanu nthawi ya nkhomaliro. Ine sindinabwere kudzapempha ufa. Ndabwera kudzafunsa kuti makiyiwo anayenda okha?"

Achimwene anu anayankha kuti nkhani ili m'manja mwa akuluakulu. Mayiyo anaimirira n'kunena kuti, "Yewo, akulu a mpingo," n'kumapita. Mawu amenewo anawatchula mwa mtundu wina, alamu, moti ine ndinachita manyazi ngati ndavulidwa pamsika.

Za dikishonale zimene mukukanganazo ine sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti anthu awiri m'nyumba muno sakuyang'anana m'maso. Ndawauza achimwene anu kuti akapanda kukulemberani pofika Lachitatu, ndilemba ndine zimene ndikuganiza, ndipo sindidzasankha mawu.

Mlamu wanu,
Glory


Chiputula
28 Meyi 2024

Rachael,

Moni. Tili moyo.

Unanena kuti ndilembe zonse zimene ndinaona, osasiyako kanthu. Unanena mosavuta, ngati munthu wouza mnzake kuti amalize kusesa. Chabwino. Ndiyambira kwa iwe.

Tsiku la ngozi lija anyamata onse anali atapita kukadya. Ine ndinatuluka pang'ono kupita kuseri, ofesi ndinasiya yosakhoma. Pobwerera ndinamva injini ikulira. Ndinayang'ana pabwalo ndipo ndinaona lole ikuthamangira chambuyo, kenako chiphokoso cha geti, kenako kukuwa kwa mayi. Ndinathamanga. Pachiwongolero panali Joel.

Wakhala akundivutitsa miyezi itatu kuti akufuna kuphunzira kuyendetsa asanapite kunja. Ndinkamukaniza. Tsiku limenelo anatenga makiyi pamsomali, ankafuna kungozungulira pabwalo kamodzi, ndipo analowetsa giya yolakwika.

Ndinamukoka kumutulutsa kudzera chitseko cha mbali inayo. Ndinamuuza kuti apite kuseri kwa shedi ndipo asatuluke. Mayi Eness anali atafulatira, sanaone kanthu. Pamenepo a Ackim anafika akuthamanga, chipisi chili m'manja. Sanafunse funso. Anadumphira m'lole n'kuiyendetsa kutsogolo kuti mwendo wa mayiyo umasuke. Anthu a mumsewu pofika anapeza a Ackim ali pachiwongolero. Ndi zimene anauza apolisi, ndipo sananame.

Nanenso mu lipoti sindinaname, Rachael. Werenga chiganizo chilichonse. Lole inabwerera chambuyo nthawi ya 12:40, zoona. Dalaivala wa lole imeneyo ndi a Nyirenda, zoona. Mboni zinawaona a Nyirenda m'lolemo, zoona. Palibe bodza ngakhale limodzi. Ndinangosiya dzina limodzi ndi mphindi zitatu.

N'chifukwa chake inki yofiira ija inandiwotcha. Ukuganiza kuti nambala wani sindinaione? Ndinaiona. Ndinasankha kukwiyira nambala thu chifukwa munthu wotukwanidwa amasiya ntchito mutu uli m'mwamba, ndipo lipoti limatsala momwemo. Koma munthu wouzidwa kuti maliza amayenera kumaliza.

Ndiye mphunzitsi wanga wa Chingerezi, ndiuze. Ndimalize?

Misheck


Dublin
29 Meyi 2024

Achimwene,

Musalembe. Mwamva? Musalembe kanthu, musasayine kanthu, musalankhule ndi a Msiska.

Ndawerenga kalata yanu m'chimbudzi cha kuntchito. Mwezi wathunthu mwandibisira! Mwandisiya ndikuseka za mabisiketi mwana wanga ali pamoto! Ndipo inu, munthu wamkulu, woyang'anira, mumasiya bwanji makiyi a lole pamsomali chitseko chili pululu? Mwana ndinakusiyirani kuti mumusunge, osati mumuike pafupi ndi zinthu zopha anthu. Mlandu uwu ndi wanu kuposa wake.

Mukudziwa chimene dzina lake mu lipoti litanthauze? Akangolowa m'buku la apolisi, viza yatha. Sukulu yatha. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala kuno, maliro a amama ndinaonera pa foni, zonsezo kuti Joel adzakhale munthu. Mufuna muzifafanize ndi chiganizo chimodzi kuti a Msiska akuyamikeni kuti mumalemba bwino?

Zimene ndinanena poyamba zija ndinanena ndisakudziwa. Lipoti lanu ndi lokwanira. Mwanena nokha kuti mulibe bodza. A Ackim ndi dalaivala wakale, ali ndi laisensi, khoti likangowalipiritsa chindapusa nkhani yatha. Chindapusacho ndilipira ine. Banja lawo ndilithandiza mpaka apeze ntchito ina. Mayi wa nthochiyo ndimulipirira chipatala ndi mpamba wa bizinesi. Kawauzeni a Ackim mwakachetechete kuti sadzavutika.

Tsiku limene tinaika bambo ake a Joel ku Chintheche, munaimirira pamanda pamaso pa anthu n'kunena kuti mwana uyu ndi wanu tsopano. Ndi inu asibweni ake, alibenso wina. Ngati pali tsiku limodzi pa moyo wanu loti mukondere, ndi lino. Konderani, achimwene. Ndikukupemphani ndipo ndikukulamulani.

Rachael


Chiputula
6 Juni 2024

Rachael,

Moni. Kalata yako ndinalandira, ndipo ndinachita zimene unandituma, kuti usadzanene kuti sindinayese.

Loweruka ndinapita ku Mzilawaingwe. A Ackim ndinawapeza akukhoma mpando wothyoka pabwalo. Ndinayamba mozungulira, za kuzizira, za mtengo wa chimanga, kenako ndinati pali wachibale wina kunja amene wamva za vuto lawo ndipo akufuna kuthandiza. Anaika hamala pansi. Anati, "Wachibale wa ndani, a Longwe? Ine kunja ndilibe m'bale." Ndisanayankhe, anapitiriza. Anati, "Ndayendetsa zaka makumi atatu osagunda ngakhale mbuzi. Ndinakwera lole ija kuti ndichotse tayala pa mwendo wa munthu. Mukufuna ndigulitse zimenezo? Mwana wanga wamkazi kusukulu akumutcha mwana wa wothyola anthu miyendo. Kamuuzeni wachibale wanuyo agule kaye pakamwa pa ana a sukulu." Sanandiperekeze.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapita kuchipatala. Rachael, mwendo uja anaudula, pansi pa bondo. Mayi Eness ali ndi ana anayi, mwamuna alibe, ndipo nyumba yawo ili kudambo kumene mvula ikagwa anthu amadumpha pamiyala kuti afike pakhomo. Adzadumpha bwanji? Atamva kuti ndine wa kukampani anandigwira dzanja n'kundithokoza kuti ndabwera. Kenako anayamba kutemberera a Ackim, dzina lawo lonse, ndi ana awo omwe. Ankatemberera munthu amene anawapulumutsa, atagwira dzanja la munthu amene anabisa wowapundula. Ndinaima pamenepo ndi botolo la sobo m'manja.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya a Msiska. Ndinati, "Bwana, mawu munalemba aja ali ndi matanthauzo angapo. Munkatanthauza kuti lipoti ndi losakwanira, kapena kuti ine ndine wokondera?" Anavula magalasi. Anati, "A Longwe, ndikanafuna kunena incomplete ndikanalemba incomplete. Ndikanafuna kunena biased ndikanalemba biased. Sindinkadziwa kuti ndi chiti, ndiye ndinasankha mawu onyamula zonse ziwiri, kuti mwini wake asankhe. Lipoti lanu silinena kuti makiyi anachoka bwanji pamsomali. Munthu wosamala ngati inu saiwala chinthu chotero. Ndakudikirani mwezi chifukwa cha imvi zanu. Mlandu wa a Nyirenda ukulowa pa 18. Sindidikira kupitirira pamenepo."

Mwana amene ndinkamunyoza uja, Rachael.

Tsopano undimve. Unandinyoza kuti ndinapatsa mayiyu mizere iwiri. Iwe m'kalata yako wamupatsa mzere umodzi, ndipo ngakhale dzina lake sunalitchule. Wamutcha mayi wa nthochi. Ukuti mlandu ndi wanga kuposa wa Joel. Mwina. Dzina langa ndililemba loyamba, ndi makiyi, ndi chitseko, ndi shedi. Koma pamanda paja ndinalonjeza kulera mwana, sindinalonjeze kumudyetsa moyo wa a Ackim.

Ndamuuza Joel dzulo pamaso pa Glory. Lolemba m'mawa lipoti lathunthu likhala pa tebulo la a Msiska. Akhoza kupita kupolisi ndi miyendo yake lisanafike, kapena kudikira kuti adzamutenge. Ukhoza kundida. Ndipotu iwe wayamba kale.

Misheck


Chiputula
9 Juni 2024

Amama,

Monire amama. Pepani sindimayankha foni. Ndikaona dzina lanu pa screen ndimalephera.

Ma voice note anu onse ndamvera. Mukuti ndikwere basi ndipite kwa anzanu ku Lilongwe mpaka zinthu zizizire. Amama, sindipita. Ndipo please musiye kuwatukwana asibweni. Makiyi ndinatenga ndine. Palibe anandituma.

Chimene simukudziwa n'chakuti ndili kuseri kwa shedi kuja ndinkaona zonse pa mpata wa malata. Ndinaona a Ackim akuvula shati yawo n'kumanga mwendo wa mayi aja. Ndinaona anthu akuwakoka mkono a Ackimwo, wina anawamenya mbama. Iwo ankangoti tengani galimoto, tengani galimoto, munthu akutaya magazi. A Ackim ndi amene ankandigawira chipisi masiku amene ndinalibe ya lunch. Ine ndinangoima kuseri kwa malata. Ndili ndi zaka twenty-four, amama, si mwana.

Mumafuna ndibwere ku Dublin ndidzaphunzire unamwino ngati inu. Ndikanagwira bwanji wodwala? Ndayesa kuganiza, sizikutheka.

Mawa six koloko ndikupita kupolisi. Asibweni akuti andiperekeza, akazi awo a Glory andikonzera bulangeti ndi juzi. Ndikudziwa kuti ndakuwonongerani zaka zanu zonse. Sindikudziwa kuti ndinene chiyani pa zimenezo.

Mwana wanu,
Joel


Dublin
12 Juni 2024

Alamu Glory,

Monire. Ndikulembera inu chifukwa amuna anu ndilibe nawo mawu. Muwauze kuti asandilemberenso. Akhale ndi lipoti lawo lathunthu, alipachike pakhoma pafupi ndi satifiketi ya ukulu wa mpingo.

Anali ndi njira. Akanatha kusiya ntchito mwakachetechete monga ankanenera poyamba paja. Ndine ndinawaletsa, ndi pakamwa pangapa, ndi nzeru zanga za dikishonale. Chimenecho chikundidya kuposa china chilichonse. Ndinawakankhira ndekha ku khomo limene mwana wanga watulukirapo.

Inunso alamu, munaona mwana akugona kuyang'ana kukhoma milungu itatu, osandiuza msanga. Nonse m'nyumba imeneyo munandisandutsa mlendo.

Ndapeza loya kudzera kwa mnzanga wa ku Katoto, adzakuimbirani. Joel mumupititsire chakudya chotentha tsiku lililonse, ndi masokosi, kumeneko kukuzizira. Musandiuze za a Ackim. Musandiuze za wina aliyense. Mundiuze za mwana wanga basi.

Rachael


Chiputula
4 Ogasiti 2024

Rachael,

Moni mlongo wanga. Unati ndisakulemberenso, ndipo ndamvera milungu isanu ndi iwiri. Lero ndaphwanya lamulo, chifukwa Glory akuti nkhani ya kukhoti sangaikwanitse kulemba, ndipo si bwino uimve kwa anthu a pa Facebook.

Mlandu unatha Lachisanu. Joel anavomera zonse, sanalole loya kuti azungulire. Woweruza anati poti anadzipereka yekha ndipo ndi koyamba, amupatsa miyezi isanu ndi umodzi. Joel anaima mowongoka. Atatuluka m'bokosi anandipatsa wotchi yake kuti ndisunge. Wawonda, koma akudya, ndipo maso ake abwerera. Ukhoza kukwiya ndi mawu amenewa, koma ndi zimene ndinaona.

Mayi Eness anabwera pa ndodo ziwiri, mwana wawo wamkulu atawagwirira. Atafunsidwa ngati ali ndi mawu, sanayang'ane Joel. Anafunsa kuti a Nyirenda ndi ati. A Ackim anaimirira kumbuyo. Mayiyo anati, "Adada, ndakutembererani miyezi iwiri, m'mawa ndi madzulo. Sindikudziwa kuti matemberero amabwezedwa bwanji." A Ackim anangoti, "Yewo, mama," n'kukhala pansi. Kenako mayiyo anatembenukira kwa ine. Anati, "Inu ndi amene munabwera ndi sobo." Ndikanakonda akanandilavulira.

A Ackim abwerera pa lole yawo. Ine ntchito yatha. A Msiska anandiitana n'kunena kuti kampani singasunge woyang'anira amene anabisa woyendetsa, ngakhale anaulula pambuyo pake. Sindinatsutse. Apolisi anandichenjeza molemba. Kumpingo ndatula udindo ndisanauzidwe. Tsopano ndimathandiza Glory kuoda tomato ku msika waukulu, ndipo ndaphunzira kuti kusenza dengu pa njinga kumafuna nzeru kuposa kulemba lipoti.

Kunja kwa khoti ndinapita kwa a Ackim kukapepesa. Ndinatambasula dzanja. Analiyang'ana n'kunena kuti, "Masiku makumi anayi ndi asanu, a Longwe. Ndinkawerenga." Dzanja lawo linakhala m'thumba. Ndikuganiza kuti anachita bwino.

Sindikupempha kuti undikhululukire. Ukanakhala pano, ukanaona mwendo umene palibe uja, sindikudziwa ngati ukanalemba zimene unalemba. Koma sunali pano, ndipo chifukwa chimene sunali pano ndi mwana yemweyo. Zimenezo ndikuzidziwa.

Kundende amalola alendo Loweruka. Ndimapita ine ndi Glory. Ukafuna kumulembera, tumiza pa foni, ndidzakopera papepala ndi dzanja langa liwu ndi liwu, ngakhale mutakhala monditukwana.

Mlongo wako,
Misheck


Dublin
25 Ogasiti 2024

Achimwene,

Monire. Musaganize kuti kalata iyi ndi chikhululukiro. Mkwiyo ndikadali nawo, ndimadzuka nawo, ndimakwera nawo basi. Masiku ena ndimakwiyira inu, masiku ena Joel, masiku ena a Msiska amene sindinawaonepo. Masiku ambiri sindidziwa woti ndimukwiyire, ndiye ndimakalipira ketulo.

Kalata ya Joel ili m'munsimu. Mukopere monga munanenera, ndipo musakonze Chichewa changa.

Lachiwiri kuntchito kunabwera mayi amene amaphunzitsa odulidwa miyendo kuyenda. Tili ndi agogo ena amene anawadula chifukwa cha shuga. Ndinawagwirira m'chiuno pamene ankayesa mwendo wopanga koyamba, masitepe anayi kuchoka pa bedi kufika pa zenera. Atafika anatukwana ndi chisangalalo. Ine ndinatuluka panja, ndinakhala pa masitepe, ndinalephera kubwerera mpaka anachita kudzandiitana.

Pambuyo pake ndinamufunsa mayiyo za munthu wodulidwa pansi pa bondo, wokhala kudambo, wosenza dengu pamutu. Anati zimatheka, ndipo anandipatsa dzina la anthu amene amapanga miyendo yotere kwathu komweko. Anatulutsa pepala kuti alembe zofunika. Anandifunsa zaka za wodwalayo. Sindinadziwe. Anandifunsa ngati bala linapola. Sindinadziwe. Kenako anafunsa funso lophweka, loti ngakhale mwana akanayankha, ndipo ndinangoti kakasi pamaso pa mzungu.

Pitani ku Salisbury Lines. Musatume Glory, mupite inu, ndipo musanyamule sobo. Akakuthamangitsani mubwerere tsiku lina. Mukawauze mayi Eness kuti amake a mnyamata uja akufunsa ngati angalole kuthandizidwa, ndipo akakana ndi ufulu wawo. Mukafunse zaka zawo, ndi za balalo, ndi saizi ya nsapato.

Ndipo mundiuze kuti ndi mwendo uti, wamanja kapena wamanzere. Miyezi inayi takhala tikulemberana, inu, Glory, Joel. Palibe ananena, ndipo ine sindinafunse.

Ndine mlongo wanu,
Rachael